Desiki ya Ruth Basil

Pasukulu ya pulaimale ya Namatuni, kuseri kwa Katuli, panali madesiki asanu okha, ndipo onsewo anali m'kalasi la Sitandade 8. Anawandanda kutsogolo, opakidwa vanishi, onyezimira. Ana oposa makumi asanu ndi limodzi ankakhala pansi kumbuyo kwake, kusuzumira pabolodi kudzera m'mipata ya miyendo ya madesikiwo. Pamadesikipo sipankakhala munthu. Eni ake analipo ndithu, koma osati kuno.

Pakhoma la ofesi ya ahedi, a Atumani, panali maina a ana osankhidwa kupita kusekondale zogonera konko, chaka ndi chaka, olembedwa ndi penti wofiira. Alendo odutsa ankaima n'kuwerenga, n'kuyamikira kuti kasukulu ka kutchire kotere kakuchita zodabwitsa. Koma mukanayenda mudzi wonse khomo ndi khomo, simukanapeza mayi ngakhale mmodzi woloza pakhomapo n'kunena kuti uyo ndi wanga.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa, kungoti sinkakambidwa mokweza. Anthu a ndalama a ku Mangochi, eni mabwato akuluakulu, masitolo ndi malo ogona alendo, ankaphunzitsa ana awo kusukulu zolipira, kumene mwana amayetsemula m'Chingerezi. Koma kunkamveka kuti ikafika nthawi yosankha opita kusekondale za boma, dzina lochokera kusukulu ya kumudzi limayenda msanga kuposa lochokera kusukulu yolipira. Tsono makolowo ankatumiza maina ku Namatuni, ana n'kutsala m'tauni. Dzina lililonse linkabwera ndi desiki yake, makope ake ndi mabolopeni ake. Mwini dzina ankaoneka masiku atatu a mayeso basi, kutsika m'galimoto ya magalasi akuda, kulemba, n'kuzimiriranso.

Vuto linali lakuti dzina lopanda munthu siliyankha. Alangizi a maphunziro ankatulukira osachenjeza, kuitana maina m'kaundula ndi kufuna kuona makope. Choncho a Atumani, munthu wosasowa nzeru pa zinthu zokhota, ankapereka dzina lililonse la m'tauni kwa mwana mmodzi wa m'mudzi. Ankawatcha oyankhira. Woyankhira ankapukuta desiki ya dzina lake m'mawa uliwonse, kuyankha likaitanidwa, ndi kulemba ntchito yonse ya m'kalasi m'makope a dzinalo. Kukhala padesikipo ankaloledwa pokhapokha njinga yamoto ya alangizi ikamveka kumsewu.

Triza Joaquim anapatsidwa dzina la Ruth Basil ali Sitandade 7. A Atumani anati amusankha chifukwa cha kalembedwe kake kokongola, zomwe zinali zoona. Chifukwa china, chimene sanachinene, chinali chakuti bambo ake a Triza sakanapita kulikonse kukadandaula. A Joaquim anawoloka malire ali kamnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo mpaka imvi kumera analibe chitupa cha dziko lililonse. Triza anabadwira konkuno, mchombo wake unagwera konkuno, koma pasukulu anali mwana wa obwera. Aphunzitsi ena ankanena poyera kuti ana a obwera mitu yawo ndi ya fodya, sukulu amangodzaotherako dzuwa.

Kunena zoona, Triza anamukonda Ruth. Iye mwini anali ndi kope limodzi la maphunziro onse, lolembedwa mpaka pachikuto. Ruth anali ndi makope asanu ndi atatu, a mapepala oyera osaboola bolopeni ikadutsa. M'makope amenewo dzanja la Triza linkamasuka. Masamu ankawayala bwinobwino, chimangirizo n'kuchilemba masamba atatu pamene anzake ankathera theka la tsamba. Pakutha pa teremu iliyonse a Atumani ankaima pabwalo n'kulengeza kuti nambala wani ndi Ruth Basil, nambala thu ndi Triza Joaquim, ndipo mwana mmodzimodziyo ankapita kutsogolo kawiri, anthu n'kuomba m'manja kawiri.

Chinthu chimodzi chokha ankachifuna pamoyo wake: dzina lake lenileni likwere pakhoma lija, apite kusekondale. Mayi ake, a Lusia, anali atamuuza kale mosabisa mawu kuti chaka chino ndi chomaliza. Akapanda kusankhidwa apita kwa amalume ake kutsidya kwa malire, kumene kunali munda waukulu wa fodya wosowa manja, komanso mwamuna wina wamasiye amene anali atafunsa kale zaka zake.

Tsiku lina Loweruka banja lonse linali m'chigafa, kusoka fodya. A Joaquim anaitana Triza kuti awapatsire chingwe. Anaitana kachiwiri, kachitatu. Mwanayo anali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pa iwo, maso pamasamba, osatembenuka.

"Tayesani dzina linalo," anatero a Lusia moseka. "Ruth."

"Ndilipo," Triza anayankha, mutu n'kudzuka.

A Lusia anaseka mpaka kugwira m'nthiti. A Joaquim sanaseke. Anaika singano pansi n'kupukuta manja pabuluku.

"Khala apa, ndikuuze," anatero. "Ku kampu ya othawa nkhondo mkulu wanga Paulo anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba. Sitinanene. Khadi lake la chakudya linali lalikulu kuposa langa, ndiye ine ndinataya langa n'kutenga lake. Zaka zinayi akaitana Paulo, ndinkaimirira ndine. Ndinadya ufa wa Paulo, nyemba za Paulo. Tsiku limene malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo, ndinali ndikudwala m'mudzi muno. Munthu wina anakwera ndi dzinalo. M'mabuku mwawo Paulo anabwerera kwawo wamoyo. Joaquim sanafike kuno, sanachoke kuno, kulibe. Ndi ameneyu ukumuonayu."

"Ababa, Ruth ndi wamoyo. Si chimodzimodzi."

"Unamuona?"

Triza anapukusa mutu. Anali asanamuonepo, ngakhale pachithunzi. Nthawi zina akamapukuta desiki ija m'mawa, kalasi likadali zii, ankaipeza yofunda, ngati munthu wangonyamukapo kumene. Ankadziuza kuti ndi dzuwa lolowera pawindo, ngakhale kuti windo linali mbali ina.

Tsiku lojambula zithunzi za makhadi a mayeso linafika mu Januwale, mvula ili pakati. Zaka zonse a Atumani ankayendetsa okha ntchitoyo: zithunzi za ana a m'tauni ankazilandira mu envulopu n'kumupatsa wojambula pambali. Koma tsikulo anali kumaliro ku Namwera, mtsinje utadzaza, ndipo pasukulu panatsala a Sangwani, mphunzitsi wachinyamata wochokera kumpoto amene anali atangokhala masabata atatu. Palibe anali atawatsina khutu za oyankhira. Iwo ankangodabwa kuti ana a kuno n'ngaulemu chotani, kusiya madesiki n'kumakhala pansi.

Wojambula anali wothamanga, maso ali kumitambo. Anapachika nsalu yoyera pakhoma n'kuuza a Sangwani kuti aitane maina motsata kaundula.

"Basil Ruth."

Miyendo ya Triza inaimirira yokha, monga inkachitira m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri. Anamupatsa kabolodi kolembedwa nambala, anaimika chibwano, kamera inaphethira. Anabwerera pamzere osaganiza kanthu.

"Joaquim Triza."

Anaimiriranso. Wojambula anatsitsa kamera.

"Iwe ndakujambula kale. Ukufuna ziwiri, ukuona ngati ndi ukwati uno? Choka."

"Koma ine ndine..."

"Usatitayitse nthawi, Ruth," anatero a Sangwani mofatsa. "Mnzakoyo ngati sanabwere, sanabwere." Analemba kamzere pafupi ndi dzina la Triza n'kuitana lotsatira. Oyankhira ena anayi anali ndi mwayi, poti maina awo enieni anali patsogolo m'kaundula, ndipo anathamangitsidwa pa maina a eni. Ana onse pamzerepo anaona zimene zinachitika, koma onse anaphunzitsidwa kuti nkhani imeneyi siikambidwa pamaso pa mlendo. Mvula inayamba.

A Atumani atabwerako anakonza za maina anayi a m'tauni aja ndi foni imodzi, poti malo a zithunzi zawo anali opanda kanthu. Za Ruth anaona kuti zadzaza kale, n'kuganiza kuti bambo ake, a Basil, anatumiza okha chithunzi. Anadzazindikira mu Epulo, makhadi atafika. Panali khadi lolembedwa Ruth Basil, ndipo pakona pake panali nkhope yakuda, yowonda, ya Triza. Khadi la Triza Joaquim panalibe.

Patatha masiku awiri Triza anaitanidwa kuofesi. Panja panaima galimoto yayikulu yamatope m'mbali. M'katimo munali bambo wamtali, woyera khungu, wa tsitsi lopotana mofewa, makiyi ali m'manja. Anali a Basil. Pathebulo panali makope asanu ndi atatu aja, ndipo iwo ankawatsegula limodzilimodzi, kunyowetsa chala ndi malovu. Triza atagwada pakhomo sanamuyang'ane kumaso. Anayang'ana manja ake.

"Dzanja lake ndi limeneli?"

"Lomwelo, bwana," anatero a Atumani. "Kulakwa kwake n'kwa ife. Ndikhoza kuyesa kulemba kalata kuti asinthe chithunzi, koma nthawi yatha, ndipo angayambe kufunsa mafunso."

"Musalembe." A Basil anatseka kope la masamu n'kuligunda ndi chala. "Wanga uja masamu amapeza makumi asanu akadzuka bwino. Uyu sanatsikepo makumi asanu ndi anayi. Mwalakwitsa bwino, ahedi. Msiyeni alembe."

Anatenga makope onse n'kuwapanira m'khwapa. Galimoto itapita, a Atumani anamuuza Triza kuti adzuke akhale pampando, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Mwananga, chaka chino ulembera mnzako. Chaka chamawa ulemba m'dzina lako, ndikuonetsetsa ndekha. Ukadali wamng'ono iwe."

Triza anavomera ndi mutu. Ankadziwa kuti chaka chamawa kulibe, ndipo pobwerera kunyumba analira njira yonse. Koma pofika pachitsime misozi inali itauma, chifukwa ganizo lina linali litamulowa. Khadi lija linali ndi nkhope yake. Boma lenilenilo linali litadinda kuti Ruth Basil ndi mtsikana wa nkhope imeneyi. Dzinalo likasankhidwa, ndani angamuletse kupita nalo? Analiyankhira zaka ziwiri, analipukutira desiki, analikwezera pa nambala wani. Anaona kuti akalitenga sikukhala kuba.

Atawauza makolo ake, a Lusia anati mwana ali ndi nzeru ameneyu. 

"Dzina limabwerera kwa amene ali ndi mapepala," anatero a Joaquim, n'kutuluka kukamasula mbuzi.

Mayeso anafika. Magalimoto anayi anaima pansi pa mtengo wa mango, n'kutsikamo ana anayi a masokosi oyera. Triza anakhala padesiki ya Ruth, pakati pawo. Woyang'anira mayeso anatenga khadi, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana nkhope, n'kudutsa. Mtsikana wina wa m'tauni amene anali naye pafupi anawerenga dzina pakhadipo, n'kumuyang'ana Triza kuyambira kumutu mpaka kumapazi opanda nsapato. Ameneyo ankamudziwa Ruth weniweni. Anangokoka desiki yake pang'ono kuti italikire.

Triza analemba ngati munthu amene akudzikumbira njira yotulukira. Tsiku lomaliza a Atumani akutolera makhadi, iye anati lake lagwera m'chimbudzi. Linali m'kachitini ka mbewu ya fodya, padenga la chigafa.

Mu Ogasiti munthu wa penti anabwera ndi makwerero ake. Maina asanu anakwera pakhoma, la Ruth Basil pamwamba pa onse, ndipo pambali pake panalembedwa sekondale ya atsikana yogonera konko, ya kufupi ndi nyanja. Mwa ana a m'mudzi oposa makumi asanu ndi limodzi aja, atatu anapeza malo kusukulu yoyendera ya ku Katuli. Ena onse anabwerera kumakasu, ndipo aphunzitsi aja anati mwaona, tinkanena.

Tsiku lotsegulira sukulu a Lusia anamumangira mphasa, chidebe, mbale ndi kathumba ka mtedza. A Joaquim anagulitsa mbuzi imodzi, n'kumukweza panjinga mpaka ku Katuli. Matola anatsika mapiri, anawoloka Shire pamlatho wa ku Mangochi, ndipo dzuwa lili pamutu Triza anaima pageti ya sukulu, khadi lili m'malaya, litanyowa ndi thukuta.

Pakhonde la ofesi panali mzere wa atsikana ndi makolo awo, masutikesi ali mbwee. Nthawi yake itakwana anatchula dzina mosadodoma. Mayi wolemba maina anayendetsa chala pamndandanda n'kuima.

"Ruth Basil wafika kale m'mawa. Bedi tamupatsa kale."

"Ruth Basil ndine, madamu." Anatulutsa khadi.

Mayiyo analiyang'ana, n'kumuyang'ana iye, kenaka anadzuka n'kumulowetsa kwa ahedi a pasukulupo, mayi wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe. Iwo anamvetsera, anawerenga khadi lili pathebulo, n'kutuma munthu kuhositelo.

Chitseko chitatseguka, Triza anatembenuka. Zaka ziwiri ankamuganizira Ruth ngati munthu wamkulu, wodzikuza, wa maso akuthwa. Amene analowa anali kamtsikana konenepa pang'ono, koyera ngati bambo ake, ka yunifolomu yatsopano yaikulu kuposa thupi, koluma zikhadabo. Kanali ndi envulopu m'manja: kalata yosankhidwa, chitupa chobadwira, kalata ya ubatizo ya ku Angilikani, zonse zodindidwa bwinobwino.

"Pali njira yachidule," anatero ahedi. Anang'amba mapepala awiri n'kupereka mabolopeni. "Fayilo imene inabwera ndi dzina ili ili ndi kalembedwe ka mwini wake. Aliyense alembe dzina, tsiku la lero, ndi chiganizo ichi."

Triza mtima unakhala m'malo. Pamenepa pokha sakanamulanda. Analemba mofatsa, n'kusuzumira pepala la mnzakeyo, ndipo bolopeni inamugwa m'manja. Linali dzanja lake. Zilembo zopendekera kumanja momwemo, michira yaitali momwemo. Ngakhale seveni anali wodulidwa pakati ndi kamzere, monga amalembera ku Mozambiki, monga a Joaquim anamuphunzitsira ndi kamtengo pamchenga asanayambe n'komwe sukulu. Mapepala awiriwo atayalidwa pamodzi, iye mwini sakanatha kuloza lake.

Ahedi anawayang'ana nthawi yaitali. Anauza Ruth kuti abwerere kuhositelo, anatseka chitseko, n'kuvula magalasi. Nkhope yawo inali ya munthu wotopa.

"Si ndiwe woyamba kundibweretsera khadi lotere," anatero. "Ndipo sindine wopusa. Ndikuona nkhope ili pachithunzipa, ndikudziwa amene analemba mayeso. Tsono mvetsera. Khadi ili ndikalilandira, ndiyenera kuimbira apolisi lero lomwe, chifukwa kulembera munthu mayeso ndi mlandu. Mnzakoyo achotsedwa, inde. Koma malowo sadzapatsa iwe. Zotsatira zidzafufutidwa, bambo ake adzapeza loya n'kumutumiza kusukulu yolipira, ndipo apolisi adzabwera kwanu. Adzafunsa makolo ako ndi zitupa zawo. Ali nazo?"

Triza anayang'ana pansi.

"Ndimaganiza choncho." Anakankhira khadi lija kwa iye ndi nsonga ya bolopeni, osalikhudza ndi chala. "Ine sindinalione. Ndikufunsa kamodzi, ndipo chimene uyankhe ndi chimene ndilembe. Ndiwe Ruth Basil?"

Panja atsikana ankaseka, wina ankakoka sutikesi pasimenti. Triza anaganiza za bambo ake atakhala pabenchi ya kupolisi, chipewa chili m'manja, akufunsidwa dzina. 

"Ayi, madamu."

"Ndiye wasochera sukulu, mwananga. Pepa."

Anatuluka ndi mphasa yake ndi chidebe chake. Sanalire. Ankangomva kupepuka kwachilendo, ngati mphepo ikhoza kumudutsa. Mlonda wa pageti anamutsegulira osamuyang'ana n'komwe.

"Dikira."

Anali Ruth, akuthamanga, nsapato zatsopano zikumuluma. Anaima mbali ya m'kati, n'kugwira zitsulo za geti ndi manja onse awiri.

"Ndiwe wa makope aja," anatero akupuma wefuwefu. "Ndinadziwa utangotembenuka. Ija mbuzi yothyoka nyanga idakalipo?"

Triza anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. "Waidziwa bwanji?"

"Unalemba m'chimangirizo. Ndikudziwanso chitsime chija chili pansi pa mkuyu, ndi chifuwa cha bambo ako chimene chimayamba akamasoka fodya. Adadi anandiuza ndikopere makope onse, tsamba lililonse, kuyambira Epulo. Maola atatu tsiku lililonse, mpaka dzanja linazolowera." Anayang'ana zala zake ngati si zake. "Dzulo ndinafuna kulembera mnzanga kakalata m'kalembedwe kanga kakale. Sindikukakumbukanso. Ndikagwira bolopeni umatuluka ndiwe. Nthawi zina ndimapezeka ndikuganiza za njira ya kuchitsime, kuti mvula ikagwa imaterera, koma ine sindinafikeko."

"Mbuziyo tagulitsa," anatero Triza. "Ndi imene ndabwerera kuno."

Maso a Ruth anadzaza misozi. Zinamuwawadi, ndipo Triza anakwiya kuona kuti munthu wina akulirira mbuzi yake. Anafuna kumumenya kudzera m'zitsulomo. Anafunanso kumufunsa kuti m'hositelomo muli mabedi otani.

"Akuti ndine wokhoza kwambiri mwa onse abwera chaka chino," Ruth anapitiriza motsitsa mawu. "Andiika kutsogolo. Ine mafulakishoni sindiwatha. Akadzazindikira nditani?"

"Sindikudziwa."

"Iwe upita kuti tsono?"

"Kwa amalume, kutsidya. Kukalima fodya." Zinazo sananene.

Ruth anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu, nkhope n'kuwala ngati wakumbukira chinthu chabwino choti apatse mnzake.

"Ayi, supita kumeneko. Sanakuuze? Adadi anakambirana kale ndi ahedi a kwanu. Akuti ubwereza kuyambira Sitandade 7, zaka ziwiri, iwo azikugulira yunifolomu ndi nsapato, azitumizanso feteleza kwa makolo ako kuti akusiye uziphunzira. Ndili ndi mng'ono wanga, Leticia. Chaka chino walowa Sitandade 7. Dzina lake analipereka kale sabata yatha."

Belu linalira m'kati mwa sukulu. Atsikana anayamba kuthamangira kuholo, ndipo wina anaitana Ruth kuchokera pakhonde. Onse awiri anatembenuka.

Triza anaima pamenepo, chidebe chikumudula zala. Kutsidya kwa malire kunali munda wa fodya ndi bambo wamasiye amene anafunsa zaka zake. Ku Namatuni kunali bolodi, masamu, mapepala oyera. Anadziwa bwinobwino chimene a Joaquim adzanene, ndipo anadziwanso kuti akunena zoona. Anachita manyazi ndi funso limene linali pakamwa pake, koma linatuluka.

"Makope ake atumiza liti?"